KUKONZA CITHUNZI CA MPIKISANO

Ana inu a kwa Tembwe ndi a m'midzi yonse ya m'cigwa ca Luangwa, mudziwa bwino cimene makolo anu acita akakolola mpunga. Wina aupuntha kuti banja lidye, wina augulitsa, koma ulipo wina umene saukhudza konse. Umenewo ndiwo wa mbeu. Ausankha wokhwima bwino, nausunga ndi mankhusu ace omwe pamalo pouma, posafika makoswe. Munthu amene apuntha mbeu yace yonse adya bwino mwezi umodzi, koma mvula ikagwa ayenda khomo ndi khomo kupempha, pakuti mpunga wopuntha sumera.

M'phunziro lino tiphunzira za mbeu ya mtundu wina, ndiyo mbeu ya cithunzi. Kale munthu wofuna cithunzi anali kuyenda ulendo kunka ku boma kukafuna wojambula, nadikira masiku ambiri kuti acitsuke. Lero m'midzi yambiri ya m'boma la Chama muli mafoni okhala ndi kamera, ndipo ngakhale mwana wa sukulu akhoza kujambula. Ndiponso kuli mipikisano ya zithunzi imene icitika pa intaneti, kotero kuti cithunzi cojambulidwa kwa Tembwe m'mawa cingathe kufika kwa oweruza a ku London tsiku lomwelo, popanda envulopu kapena sitampa. Koma zithunzi zambiri zokoma zigwa pa mpikisano oweruza asanaone kukoma kwace, cifukwa eni ace sanadziwe kusamala muyeso wace. Imvani fanizo ili.

Cithunzi ca Agogo

Mtsikana wina wa m'kalasi la pamwamba anamva kwa mphunzitsi wace kuti kuli mpikisano wa zithunzi za anthu ali pa nchito. Loweruka m'mamawa anabwereka foni ya amalume ace, napita kuseri kwa nyumba kumene agogo ace anali kupeta mpunga. Dzuwa linali litangotuluka, ndipo mankhusu anali kuuluka pamwamba pa licero ngati inswa. Mtsikanayo anagwada, nati, "Agogo, kodi mundilola ndikujambuleni?" Agogo anaseka, nati, "Jambula, mdzukulu wanga, koma usandicedwetse nchito."

Cithunzico cinakoma ndithu. Njere za mpunga zinaoneka imodzi-imodzi ziri m'mwamba, ndi makwinya a m'manja mwa agogo omwe. Koma m'mawa mwace amalume anali pa ulendo wa ku Lundazi. Tsono anatumiza cithunzico ku foni ya mphunzitsi pa WhatsApp, ndipo popeza foni yao inali yodzala, anacifafaniza m'menemo.

Lolemba mphunzitsi anatsegula cithunzico pa kompyuta, nawerenga malamulo a mpikisano, napukusa mutu. Cithunzi cinali citacepa pa njira, cosafikanso pa muyeso umene oweruza anafuna.

Mtsikana anati, "Aphunzitsi, nanga sitingacikulitse?"

Mphunzitsi anacikulitsa kuti mwanayo adzionere yekha. Pamenepo njere zija zinasanduka phala, makwinya a m'manja anafafanizika, ndipo m'mphepete mwa licero munaoneka timabokosi tosaoneka bwino. Mphunzitsi anati, "Mwana wanga, madzi akatayika saoleka. Cithunzi coyamba cija ndico cinali mbeu, ndipo mbeuyo yapunthidwa."

Kuti timvetse cimene cinacitika, tiyenera kudziwa poyamba m'mene cithunzi ca m'foni cipangidwira.

Timadontho

Kodi munaonapo lamba wa mikanda? Mukaima patali muona duwa kapena mizere yokongola, koma mukayandikira muona kuti ndi timikanda tambiri-mbiri, kali konse ndi mtundu wace. Cithunzi ca m'foni ciri cimodzi-modzi. Cipangidwa ndi timadontho tating'ono kwambiri tondandalikidwa m'mizere, ndipo kadontho kali konse kali ndi mtundu umodzi wokha. Pa Cingerezi kadontho kameneka akachula kuti pixel.

Timadonthoti tiwerengedwa monga muwerengera mapando a m'munda: mutenga ciwerengero ca mapando a mu mzere umodzi, ndi kuciculukitsa ndi ciwerengero ca mizere. Mafoni ambiri ajambula cithunzi ca timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Tikaculukitsa 4,000 ndi 3,000 tipeza 12,000,000. Timadontho 1,000,000 ndito megapixel imodzi. Cotero kamera yotere iri ya 12 megapixel, ndipo polemba mwacidule alemba 12 MP.

Zinthu sizinayambe conco. M'caka ca 1975 mnyamata wina wa ku America, dzina lace Steven Sasson, wogwira nchito ku kampani ya Kodak, anapanga kamera yoyamba yonyamula m'manja yosafuna filimu. Inali yolemera pafupi-fupi makilogalamu 4, ndipo inali kujambula zakuda ndi zoyera zokha. Cithunzi cace cinali ca timadontho 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndiko kuti 10,000, ndipo panali kupita masekondi 23 kuti cithunzi cimodzi cilembedwe pa tepi ya kaseti. Foni ya amalume aja iposa kamera imeneyo ndi timadontho ka 1,200.

Nanga kuculuka kwa timadontho kutithandiza ciani? Osindikiza zithunzi zabwino aika timadontho 300 pa inchi imodzi ya pepala. Cithunzi ca 4,000 m'litali cingasindikizidwe bwino kufika masentimita 34, kuposa tsamba la kope lanu lalikulu. Koma cithunzi cija ca agogo citafika kwa mphunzitsi cinatsala ndi timadontho 1,600 m'litali, tokwana masentimita 13 kapena 14 okha, monga cikhato ca munthu. Oweruza afuna kudziwa kuti cithunzi copambana cingathe kupacikidwa pa khoma anthu nacionera. Ndico cifukwa cace asamala za muyeso.

Kukula ndi Kulemera

Cithunzi ciri ndi miyeso iwiri, ndipo ana ambiri aisokoneza. Woyamba ndiwo kukula, kumene tiwerenga ndi timadontho. Waciwiri ndiwo kulemera, ndiko kuti malo amene cithunzi cidya m'foni, ndi ndalama za intaneti zimene citha pocitumiza. Kulemera tikuyesa ndi kilobyte ndi megabyte, mwacidule KB ndi MB. Makilobyte ngati 1,000 apanga megabyte imodzi. Cithunzi ca 12 MP kawiri-kawiri cilemera pakati pa 2 MB ndi 6 MB.

Zithunzi ziwiri zingalingane kukula koma ndi kusiyana kulemera. Kuti mumvetse zimenezi, kumbukirani mfutso. M'dzinja amai athyola ndiwo zamasamba dengu lathunthu, nazifutsa, naziyanika pa dzuwa. Zikauma zipepuka, ndipo zonse zilowa m'cikwatu cimodzi. M'cilimwe akaziphika zikoma ndithu, ngakhale sizifanana kweni-kweni ndi zaziwisi.

Foni nayo ifutsa zithunzi. Njira yodziwika koposa ichedwa JPEG, dzina locokera ku gulu la akatswiri amene anaikhazikitsa m'caka ca 1992. JPEG igawa cithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo m'kabokosi kali konse itaya kusiyana kwa mitundu kumene diso la munthu silikuona msanga. Ikataya pang'ono, cithunzi cipepuka koma cikhalabe cokoma. Ikataya zambiri, timabokosi tija tiyamba kuoneka, maka-maka pa thambo ndi m'mphepete mwa zinthu. Ndipo dziwani ici: nthawi iri yonse imene musintha cithunzi ca JPEG ndi kucisunganso, foni icifutsanso kaciwiri, nitayanso zina. Mfutso wonyowetsa ndi kuyanikanso kasanu usanduka fumbi.

Makamera akulu ndi mafoni ena ali ndi njira ina yochedwa RAW. Imeneyo iri ngati masamba aawisi: isunga zonse zimene diso la kamera linaona, koma ilemera kangapo kuposa JPEG, ndipo ifuna kukonzedwa pa kompyuta. Ngati foni ya kwanu iribe RAW musadandaule. JPEG yabwino ikwanira pa mipikisano yambiri ya ana.

Musanajambule

Nchito ya mpikisano iyamba cala cisanakhudze batani. Citani izi:

1. Tsegulani kamera, lowani pamene palembedwa Settings, ndi kusankha muyeso waukulu koposa umene foniyo iri nao. Cacikulu cingacepetsedwe tsiku liri lonse, koma cacing'ono sicikula.

2. Mukaona 4:3 ndi 16:9, sankhani 4:3. M'mafoni ambiri 4:3 ndiyo igwiritsa diso lonse la kamera. 16:9 ingodula kumwamba ndi kunsi, nitaya timadontho tambiri.

3. Ngati pali posankha ubwino wa cithunzi, pamene ena alemba High ndi ena Fine, sankhani wapamwamba, kuti foni ifutse pang'ono pokha.

4. Foni ikadzala, musacepetse muyeso kuti mupeze malo. Pemphani mwini wace asamutsire zithunzi zakale ku kompyuta kapena ku kakhadi kosungiramo zinthu, kamene ambiri amati memori khadi.

5. Musakokere cinthu pafupi ndi zala zanu pa galasi la foni. M'mafoni ambiri kutero ndiko kungodula pakati pa cithunzi ndi kupafutukula, ndipo timadontho ticepa. Yendani ndi miyendo yanu, muyandikire. Koma lamulo limeneli liri la agogo opeta mpunga, la nkhuku ndi la maluwa. Njobvu, mvuu, njati ndi ng'ona musaziyandikire ndi pang'ono pomwe. Palibe mphotho yolingana ndi moyo wanu.

6. Zimitsani zonse zosalaza nkhope ndi zosintha mitundu, ndiponso cizindikiro cimene mafoni ena alemba pa ngodya ya cithunzi, ca dzina la foni kapena ca tsiku. Mipikisano yambiri ikana cithunzi colembedwa mau.

7. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti foni ya m'thumba ikhala ndi fumbi ndi mafuta a zala. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti. Jambulani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, pamene kuwala kuli kofatsa. Timadontho 12,000,000 sitingapulumutse cithunzi cogwedezeka kapena camdima.

Werengani Malamulo

Akulu anati, safunsa anadya phula. Mipikisano siifuna muyeso umodzi, ndipo amene atumiza asanawerenge malamulo aononga nchito yace yekha. Taonani mipikisano iwiri iyi m'mene isiyanira.

Woyamba ndiwo Wildlife Photographer of the Year, mpikisano wa zithunzi za nyama ndi zacilengedwe. Unayamba m'caka ca 1965, ndipo auyendetsa ndi a Natural History Museum, nyumba yaikulu yosungiramo zacilengedwe ku London. Uli ndi magulu atatu a ana: a zaka 10 ndi ocepera apo, a zaka 11 kufika 14, ndi a zaka 15 kufika 17. Ambiri a inu muli m'gulu lapakatilo. M'zaka zambiri zapitazi lamulo lace linali lakuti wopikisana atumize poyamba cithunzi ca JPEG ca timadontho 1,920 m'mbali yace yaitali. Oweruza akacikonda, pamenepo aitanitsa cithunzi coyamba cosasinthidwa, monga cinaturukira m'kamera. Wopanda cimeneco acotsedwa, cingakhale cithunzi cace cikome cotani.

Waciwiri ndiwo Wiki Loves Africa, umene unayamba m'caka ca 2014. Caka ciri conse upatsidwa mutu wace: mu 2014 unali wa zakudya, mu 2017 wa anthu ali pa nchito, ndipo mu 2025 wa ulendo wa cakudya kucokera ku munda kufika pa mbale. Zithunzi zace zisungidwa m'nkhokwe yaikulu ya pa intaneti yochedwa Wikimedia Commons, m'mene olemba Wikipedia atapamo zithunzi. Nkhokwe imeneyi ikonda cithunzi cathunthu, cosacepetsa. Ndiponso woikamo cithunzi alola kuti munthu ali yense pa dziko lapansi acigwiritse nchito, malinga achule dzina la wojambula.

Mwaona tsono: wina afuna cocepetsa, wina afuna cathunthu, koma onse awiri afuna kuti coyamba cija cikhalepo. Malamulo asintha caka ndi caka, cotero werengani a caka cimeneco pamodzi ndi mphunzitsi wanu, ndi kulemba m'kope mayankho a mafunso anai awa: Afuna mtundu wanji wa cithunzi? Timadontho tingati m'mbali yaitali? Kulemera kwace kusapitirire ma MB angati? Tsiku lotseka ndi liti?

Kucepetsa Kwace

Tiyese kuti lamulo liti mbali yaitali ikhale 1,920, ndipo cithunzi canu ciri 4,000 ndi 3,000.

Coyamba, ndipo ndico cacikulu pa zonse, pangani kope la cithunzico. Coyambaco cisungeni pa malo awiri, monga m'foni ndi pa memori khadi, ndipo musacikhudzenso. Imeneyo ndiyo mbeu yanu. Nchito yonse yotsala icitike pa kope.

Caciwiri, ngati pali cinthu ca m'mphepete cimene cisokoneza, monga cidebe cogwa kapena phazi la munthu wodutsa, dulani m'mphepetemo tsopano, musanacepetse. Dulani pang'ono, pakuti kudula nakonso kutaya timadontho.

Cacitatu, tsegulani kopelo m'pulogalamu yokonzera zithunzi, ndi kufuna pamene palembedwa Resize. Lembani 1,920 pa mbali yaitali. Nanga mbali yaifupi ikhala yotani? Apa masamu a m'kalasi agwira nchito. Mbali zonse ziwiri ziyenera kucepa molingana. Culukitsani 3,000 ndi 1,920, ndi kugawa ndi 4,000: mupeza 1,440. Mapulogalamu ambiri awerenga okha ngati mwasiya kaloko kapena kaunyolo kolumikiza mbali ziwirizo kali kotseka. Mukakatsegula ndi kulemba ciwerengero ca m'mutu mwanu, licero lozungulira lidzakhala ngati dzira, ndipo agogo adzatalika ngati nsungwi kapena kufupika ngati mtondo. Kumbukiraninso kuti cithunzi cikakhala coimirira, mbali yaitali ndiyo yocokera pansi kunka kumwamba.

Cacinai, sungani kopelo kamodzi kokha. Pulogalamu ikafunsa za ubwino, kucokera pa 1 kufika pa 100, sankhani 90 kapena pafupi ndi apo. Mukatero onani kulemera kwace. Ngati kwapitirira lamulo, musafutsenso kope lomwelo. Bwererani ku mbeu, tengani kope latsopano, ndi kuyesa 80.

Cacisanu, lipatseni dzina lomveka, monga agogo-apeta-mpunga-1920, kuti lisasokonezeke ndi coyamba. Kenaka litseguleni, mulikuze pa galasi, muyang'ane maso a munthu, thambo ndi m'mphepete mwa zinthu. Mukaona timabokosi, yambaninso.

Taonani kuculuka kwa zimene zitayika pocepetsa. 1,920 kuculukitsa ndi 1,440 ndi 2,764,800. Pa timadontho 12,000,000 tija, toposa 9,000,000 tapita, ndipo m'kopelo sitidzabweranso. Mukauza kompyuta kuti ilikulitse, iyo ingopeka timadontho tatsopano poyang'ana toyandikana nato. Masiku ano aliko mapulogalamu ocenjera amene apeka mokometsa, kotero kuti njere za mpunga zioneka ngati zabwerera. Koma njere zimenezo si zija agogo anapeta, ndipo cithunzi cotero sicinenanso zoona.

Oweruza sacita nazo masewera zimenezi. Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, kuli mpikisano wochuka wa ojambula a manyuzipepala, dzina lace World Press Photo. M'caka ca 2015 oweruza analinganiza zithunzi zimene zinafika pafupi ndi mapeto ndi zoyamba zace za m'kamera, ndipo cimodzi mwa zisanu ziri zonse cinacotsedwa, cifukwa eni ace anaonjezamo, kucotsamo kapena kusintha mopitirira. Cithunzi coyamba ndico mboni yanu yakuti munajambula ndinu, ndi kuti cimene cioneka cinalipodi.

Potumiza

Posamutsa cithunzi kucokera m'foni ina kunka m'foni ina, kumbukirani tsoka la mtsikana uja. WhatsApp ndi Facebook zicepetsa ndi kufutsa zithunzi kuti ziyende msanga. Zimenezo nzabwino poonetsa abale a ku Chipata kapena ku Lusaka nkhope ya khanda, koma si za mpikisano ai. Gwiritsani cingwe ca kompyuta, Bluetooth kapena memori khadi. Ngati palibe njira ina koma WhatsApp, tumizani cithunzi monga Document, pakuti cotero cifika cathunthu. Ndipo musatenge cithunzi pojambula galasi la foni, cifukwa cimeneco cikhala ndi timadontho ta galasilo tokha.

Kuno kwathu netiweki ibwera ndi kupita, ndipo m'dzinja mitambo ikaphimba dzuwa masiku angapo, magetsi a sola acepa, mafoni nazima. Cifukwa cace musadikire tsiku lotseka. Tumizani kukali sabata lathunthu, kuti cikakanika lero muyesenso mawa. Kope locepetsa bwino lingalemere 1 MB kapena kucepera apo, ndipo lipita msanga osatha ndalama zambiri.

Pali zinthu zitatu zina zoti musaiwale. Coyamba, mwana asalowe mpikisano yekha. Kholo kapena mphunzitsi awerenge malamulo ndi kubvomereza. Wina akakulemberani kuti mwapambana, koma muyambe mwatumiza ndalama kuti mulandire mphotho, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba.

Caciwiri, musajambule munthu osampempha, ndipo mumuuze kumene cithunzi cace cidzapita. Mtsikana uja anacita bwino kugwada ndi kupempha agogo ace.

Cacitatu, m'kati mwa cithunzi foni ilemba mau obisika: tsiku, ora, dzina la foni, ndipo nthawi zina malo eni-eni pamene munaima. Tsiku ndi dzina la foni zithandiza oweruza. Koma za malo cenjerani. Patsidya pa mtsinje, m'nkhalango ya North Luangwa, muli zipembere zakuda. Nyama zimenezi zinatha m'Zambia cifukwa ca opha nyama mozemba, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti palibenso. M'caka ca 2003 zisanu zoyamba zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa, ndipo alonda azisunga usana ndi usiku. Cithunzi coulula pamene pali cipembere, kapena njobvu ya minyanga yaikulu, cingatsogolere anthu oipa. Pojambula nyama zotere, ndiponso pojambula pakhomo panu, zimitsani Location m'kamera.

Loweruka Lina

Mtsikana uja sanataye mtima. Amalume atabwera ku Lundazi, anakhala nao pansi, nawaonetsa pa Settings, ndipo anasamutsa zithunzi zakale kuti papezeke malo. Loweruka linalo anapitanso kuseri kwa nyumba. Tsikulo kunali mphepo, mankhusu sanauluke monga poyamba, ndipo anajambula kakhumi asanapeze comkondweretsa. Cija coyamba sanacipezenso, pakuti m'mawa uli wonse uli ndi kuwala kwace.

Lolemba anabwera ndi foni yomwe ku sukulu, amalume ali pambuyo. Mphunzitsi analumikiza cingwe, nasunga coyamba pa malo awiri, ndipo mtsikanayo anawerenga yekha mbali yaifupi pa bolodi. Madzulo anauza agogo ace zonse. Agogo anamvetsera, nati, "Zonsezo ndazimva, mdzukulu wanga. Nanga ca mbeu mwaika kuti?" Iye anati, "Ciri pa malo awiri, Agogo." Ndipo agogo anati, "Wacita bwino. Tsono tenga licero ili, upete ndiwe, ine ndipumule."

Mau Oti Muwakumbukire

Pixel: kadontho kamodzi ka m'cithunzi.
Megapixel: timadontho 1,000,000.
Megabyte: muyeso wa kulemera kwa cithunzi.
JPEG: njira yopeputsira cithunzi potaya zina za m'kati mwace.
RAW: cithunzi cosunga zonse zimene diso la kamera linaona.
Kope: cithunzi cotengedwa ku cinzace, cofanana naco.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mlimi sapuntha mpunga wa mbeu? Nanga cithunzi coyamba cifanana bwanji ndi mbeu?
2. Chulani zolakwa ziwiri zimene zinaononga cithunzi coyamba ca agogo.
3. Fotokozani kusiyana kwa kukula ndi kulemera kwa cithunzi.
4. Cicitika nciani mukasunga cithunzi ca JPEG kambiri-mbiri?
5. Cifukwa ninji oweruza aitanitsa cithunzi coyamba?
6. Ndi nthawi iti pamene simuyenera kuyandikira cimene mujambula?
7. Longosolani tanthauzo la mwambi wakuti madzi akatayika saoleka, ndi kupereka citsanzo canu-canu.

Masamu

1. Cithunzi ciri 3,200 m'litali ndi 2,400 m'lifupi. Ciri ndi timadontho tingati?
2. Cithunzi ca 4,000 ndi 3,000 cacepetsedwa kufika 2,000 m'litali. Pezani mbali yaifupi. Timadontho totsala ndi gawo lanji la toyamba tija?
3. Cithunzi coimirira ciri 3,000 m'lifupi ndi 4,000 m'mwamba. Lamulo liti mbali yaitali ikhale 1,200. Pezani miyeso yatsopano.
4. Poika timadontho 300 pa inchi imodzi, cithunzi ca 1,800 ndi 1,200 cidzasindikizidwa mainchi angati mbali iri yonse?

Zocita

1. Lembani timabokosi 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pa pepala, ndi kujambula nsomba podetsa timabokosi tathunthu. Citaninso ndi timabokosi 30 ndi 30 pa pepala lolingana nalo. Pacikani onse awiri pa khoma, muime patali, munene nsomba imene ioneka bwino.
2. Lembani maina a nchito zisanu za m'mudzi mwanu zimene anthu a maiko ena sanazionepo. Sankhani imodzi, ndi kulemba mau aulemu amene mudzanena popempha mwini nchitoyo kuti mumjambule.